Munda wa a Zakeyu Unafera M'tabuleti

Ana anga, mutu uno ndaulemba kawiri. Ulendo woyamba ndinadzikometsera kwambiri, moti mayi anu atawerenga anangondibwezera mapepala n'kunena kuti, "Bambo wabwino chonchi ine sindinakwatiwe naye." Ndiye ndayambiranso. Za kusukulu ndi za maphunziro a ulangizi ndazidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo. Pano ndikufuna mudziwe chifukwa chake chaka changa chomaliza pa ntchito ndinakachigwirira ku Nambuma, pomwe tonse tinkayembekeza kuti ndidzapumira ku Kabudula. Inu mumayesa kunali kusamutsidwa wamba. Ayi, chinali chilango, ndipo chinayambira pa gemu.

Mpingu, zaka zoyamba

Ntchito ya ulangizi wa zaulimi ndinaiyambira ku Mpingu, ndili mnyamata wowonda, wodzimva, buku lili m'khwapa. Bwana wanga woyamba, a Chidothi, anandipatsa njinga yopanda mabuleki ndi kiyi wa nyumba imene mvula ikayamba tinkadzuka kusuntha bedi. Anali munthu wabwino mtima koma wokonda mapepala kuposa minda. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti, "Iwe mnyamata, kumunda upite usapite ndi zako, koma lipoti ndilipeze patebulo panga Lachisanu." Zipangizo zinali zosowa. Chingwe choyezera mizere chinali chimodzi, alangizi atatu tinkachita kubwerekana. Choyezera mvula chitasweka tinkatchera chitini cha mafuta ophikira n'kumayeza ndi lula ya mwana wasukulu. Kumeneko n'kumene ndinaphunzira kulemba lipoti lokoma pa ntchito yosakoma, ndipo luso limeneli linandisunga zaka zambiri. Sindikunyadira ayi, ndikungonena kuti mudziwe munthu amene akukufotokozerani nkhaniyi.

Nsaru, zaka za fodya

Ku Nsaru ndinakhalitsa, ndipo nonse atatu munabadwira kumeneko. M'dera langa munali maesiteti a fodya. Matenanti sanali m'kaundula wanga, koma ndikamadutsa ndinkaima n'kucheza nawo. Tsiku lina chimene chinandiimitsa ndi mizere. Inali yowongoka, yofanana msinkhu, yopanda ndi kaudzu komwe, ndipo mwini wake anali mnyamata wamfupi wochokera ku Phalombe, dzina lake Zakeyu. Kulemba ankangodziwa dzina lake basi. Koma ankatapa dothi m'manja, kulifinya, kulinunkhiza, n'kukuuzani ngati mungathire feteleza lero kapena mudikire kaye. Ine wa satifiketi ndinkamufunsa mafunso ngati ndikumuyesa, chonsecho ndikuba nzeru.

Magemu ndinayamba kudana nawo kumeneko. Pamsika panali kanyumba ka kanema komwe anyamata ankasewera mpira pa wailesi yakanema atagwira timabokosi ta mabatani. Iwe Limbani ukukumbukira tsiku limene ndinakutulutsamo chokoka khutu, anzako akuonerera. Ndinkati ndi zinthu za alesi, zowononga maso ndi mutu. Sindinakufunsepo kuti umapezamo chiyani, ndipo ineyo sindinagwirepo ngakhale kamodzi.

Kabudula, kutatsala zaka ziwiri kuti ndipume

Nditasamukira ku Kabudula ndinamupezanso Zakeyu, tsopano ali a Zakeyu, bambo wa ana awiri, wamkulu dzina lake Tadala. Anasiya utenanti atakwatira Esinati, mwana wa a Nankhoma, n'kukhala chikamwini m'mudzi wina kumadzulo kwa msika. Inu munakulira m'nyumba za boma, choncho ndifotokoze. Mkamwini amakhala kwa mkazi wake, amalima munda wa akuchikazi, ndipo ulemu wake wonse umakhala pa khasu. Mkamwini wa konkuno zikamuvuta ali ndi abale pafupi omulankhulira. A Zakeyu analibe aliyense. Anali munthu wobwera, wolankhula Chichewa chakummwera chimene ana ankachiyerekeza akadutsa. Komabe khasu lawo linawalankhulira mokwanira, moti apongozi awo, a Nankhoma, anali atanena kuti chaka chimenecho awapatsa munda waukulu wa kudambo. Alamu awo awiri, amene ankaufunanso mundawo, sizinawakomere. A Nankhoma ndi mkamwini wawoyo sankalankhulana maso ndi maso, monga mwa mwambo. Akakumana panjira wina ankapatuka n'kunjuta, ndipo mawu onse ankadzera mwa Esinati.

Chaka chimenecho bungwe lina la mumzinda linagwirizana ndi ofesi yathu kuti alimi aziphunzira ulimi wa chimanga kudzera mu gemu. M'dera langa anabweretsa matabuleti asanu ndi imodzi, ndi sola imodzi yotchajira. Bwana wathu pa nthawiyo, a Msosa, anali wachinyamata, wophunzira bwino, wofuna kukwera msanga. Pa msonkhano anati, "Madala, ndikudziwa kuti zinthu izi si za nthawi yanu, koma ndikufuna kalabu iliyonse ya alimi imalize magawo onse asanu mvula isanagwe. Kukubwera alendo kudzaona." Ndinayankha kuti chabwino bwana, mumtima ndikuti ukalamba wandipezera zidole.

Loweruka masana ndinatenga tabuleti imodzi kupita nayo kunyumba kuti ndingoiona, ndipo ndivomere pano kuti tsiku limenelo mayi anu anandiitanira chakudya katatu. Gemuyo inkakupatsa munda wopanda kanthu. Ukakhudza ndi chala, kamunthu kankaunga mzere, khasu n'kumamveka likutema. Ukadzala, mbewu inkamera pomwepo ukuona, masamba n'kumagwedera ndi mphepo. Chimene chinandigwira n'chakuti chilichonse ndikachita, chinthucho chinkandiyankha nthawi yomweyo. Zaka zonse za ntchito ndinkalangiza mu Okutobala n'kudzaona zotsatira mu Epulo, ndipo kawirikawiri osadziwa ngati wolakwa ndine kapena mvula. Apa ndinkatha kudzala mothinana dala kuti ndione chichitike n'chiyani, popanda mwana wa munthu kugona ndi njala. Ndikamaliza gawo kunkalira kanyimbo, nkhokwe ya pakona n'kudzaza pang'ono, ndipo ine nkhalamba ya imvi ndinkadziuza kuti kamodzi kokha aka ndiye ndisiye. Limbani, pepa chifukwa cha khutu lija.

Alimi nawonso anaikonda. Tinkakumana Lachiwiri lililonse pansi pa mtengo wa mango wa patchalitchi, tabuleti imodzi anthu asanu, mitu itagundana. Wina akamasewera ena ankakuwa kuti, "Palira iwe, udzu wakupitirira!" Amayi amene pa misonkhano yanga ankangosinza anayamba kukangana za katalikidwe ka mapando. Polembetsa, aliyense ankafunika kujambulidwa mawu akutchula dzina lake, koma ambiri ankachita manyazi, ndiye mayina onse ndinatchula ndine. Gawo loyamba ndi lachiwiri aliyense anadutsa. Zovuta zinalipo ndithu. Batire ikatha uli pakati, zonse zimene wachita zinkafufutika. Galasi silinkamva zala zokhakhala za anthu osoka fodya, moti ena ankayamba anyambita chala asanadine. Koma zimenezi tinkangoseka nazo.

Kabudula, Okutobala wa chaka chomwecho

Gawo lachitatu linali lothira feteleza wobereketsa. Chimanga chikafika m'mawondo, pakona pankabwera thumba, ndipo pamwamba pankayamba kuyenda kamzere kofiira kosonyeza nthawi. Ukathira kamzereko kasanathe, wadutsa. Ukachedwa, chimanga chinkachita chikasu n'kugwa, ndipo tabuleti inkalengeza mokweza kuti munda wa uje wafa. Mawu enawo anali a mzimayi wa mumzinda, koma dzinalo linkatuluka m'mawu anga aja. Ndiponso sinkakubwezera pa gawo lomwelo ayi, inkakubwezera kokagalauza, poyambirira penipeni.

Achinyamata anadutsa osaganiza n'komwe. Ngakhale alamu a a Zakeyu, amene minda yawo ndinkachita manyazi kuonetsa alendo, anadutsa ulendo woyamba. Itafika nthawi ya a Zakeyu, anagwira tabuleti ndi manja awiri n'kumangoyang'ana, osakhudza. Anthu anakuwa kuti thirani, thirani, koma iwo ali duu. Kamzere kanatha, chimanga chinagwa, ndipo mawu anamveka mpaka kumbuyo kumene kunakhala a Nankhoma ndi amayi anzawo: "Munda wa a Zakeyu wafa. Yambiraninso."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Sabata yotsatira anayambiranso kugalauza, kudzala, kupalira, kufika pomwe paja, n'kuimanso. Munda unafanso. Ulendo wachitatu mawuwo atamveka anandipatsa tabuleti mwaulemu ndi manja awiri n'kunyamuka msonkhano usanathe. Pofika nthawi imeneyo ana a m'mudzi anali atayamba kuwaitana kuti a Mundawafa. Alamu aja ankauza anthu pa bawo kuti makina sanama, aona zimene maso a anthu sanaone. Ndipo panali china chimene ine, mwana wa konkuno, ndinayenera kuchizindikira msanga. Kunena pagulu kuti munda wa munthu wafa, mbewu isanalowe n'komwe m'nthaka, kwathu kuno si nthabwala. N'kumulosera munthu tsoka. Ine ndinali nditatengeka ndi kanyimbo kaja moti za kwathu zomwe ndinaziiwala.

Lolemba m'mawa Esinati anandipeza ku ofesi, mwana ali kumbuyo. Ndinamupatsa mpando koma anakhala pansi pakhonde.

"Alangizi, mwatiphera banja," anatero.

"Bwanjinso, mayi?"

"Amayi akuti munda wa kudambo sangaupereke kwa munthu woti wanenedwa katatu pagulu. Akuti mwina alangizi akudziwapo kanthu, nanga si mawu awo omwe aja? Ndiye bambo a Tadala anyamuka dzulo. Akuti akubwerera ku utenanti ku Nsaru, akakhazikika adzatitenga. Koma amayi akuti ana pamudzi pano satuluka."

Ndinayesa kunena kuti ndi masewera chabe, palibe munda weniweni umene wafa.

"Masewera kwa inu," anayankha osandiyang'ana. "Ife tadzuka opanda bambo pakhomo."

Atapita ndinatseka chitseko n'kutsegula gawo lachitatu. Ndinaigwira tabuletiyo ndi manja awiri monga ankachitira a Zakeyu, osakhudza. Kwa nthawi yoyamba sindinayang'ane kamzere kofiira, ndinayang'ana munda. Dzuwa linali lalikulu pamwamba, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, dothi lotuwa, long'ambika. Wojambula anajambula munda umodzi wowala bwino n'kuugwiritsa ntchito m'magawo onse. A Zakeyu sankalephera kudina ayi, ankadikira mvula. Mlimi wanzeru zake sathira feteleza pa dothi louma chonchija, amatentha mbewu n'kutaya thumba lonse, ndipo ine ndemwe ndinakhala moyo wanga wonse ndikuphunzitsa zimenezo. Gemuyo inkaimbira kanyimbo munthu wa chala chothamanga, n'kumalanga munthu yekhayo amene ankaona munda ngati munda, osamuuzanso chimene walakwa. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa nanenso padzuwa pomwepo ndinali nditathirapo feteleza kambirimbiri ndikumwetulira.

Sabata ya alendo

Tsiku lomwelo ndinakwera njinga yamoto kupita kwa a Msosa. Alendo aja ankabwera Lachisanu la sabata yomweyo. Ndinati, "Bwana, gemu ija pa gawo lachitatu ikuphunzitsa zolakwika, ndipo yapasula banja la munthu." Anandimvetsera akusewera ndi makiyi a galimoto, kenako anaseka. "Madala, inu simukukalamba bwino. Walephera mlimi mmodzi, ena onse adutsa. Tengani tabuletiyo mumudutsire nokha pa dzina lake, mphindi ziwiri basi, n'kulemba kuti kalabu yonse yamaliza. Alendo akapita tidzaziona." Nditafunsa kuti nanga feteleza wa pouma, anati, "Alimi anuwo si ana, kumunda akachita zimene amadziwa."

Ndikuuzeni zoona, ndinaganizira. Limenelo linali luso langa lakale la ku Mpingu, ndipo ndikanalichita osatuluka thukuta. Penshoni inali pafupi, awiri mwa inu munali mudakali kusukulu, ndipo kukangana ndi bwana pa msinkhu umenewo ndi kupanda nzeru. Koma lipoti silikanapita ku Nsaru kukamutenga munthu. A Nankhoma sakanaliwerenga. Pa pepala a Zakeyu akanakhala mlimi wodutsa magawo onse asanu, uku ali pa esiteti ya eni, ana awo akukula osawaona. Nditawafotokozera mayi anu anangofunsa kuti, "Mukalemba zimenezo, Esinati mukakumana naye kuchigayo muzidzayang'ana kuti?"

M'mawa mwake ndinazungulira makalabu anga onse, kutolera matabuleti, kuwaika m'katoni n'kuwatsekera kuchipinda kwathu. Kenako ndinalemba kalata ya tsamba limodzi yofotokoza za dzuwa, za dzina, ndi za munthu amene wachoka pamudzi. Ndinaitumiza ku bungwe lija mwachindunji, osadzera mwa bwana, ndipo pa ntchito yathu umenewo ndi mlandu waukulu kuposa kujomba mwezi wathunthu. Lachisanu alendo anafika ndi galimoto ziwiri n'kupeza pansi pa mango pali mbuzi zokha. A Msosa anandilalatira pamaso pa alangizi anzanga mpaka mawu anawathera. Anati ndine nkhalamba yoopa zinthu zatsopano. Zimenezo zinandiwawa kuposa zonse, chifukwa pa alangizi onse amene analipo palibe amene anaisewera gemuyo kuposa ine.

Lachitatu lotsatira pa ofesi panatsika mtsikana pa kabaza, chikwama kumsana, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi. Anati dzina lake ndi Mayamiko, ndipo ndi amene anakonza gemuyo. Ndinakonzeka kulalatiridwanso, koma iye anati, "Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Tandionetsani." Ndinamuonetsa. Anayang'ana dothi lija n'kugwira pakamwa.

"Dzuwali ndinajambula ndine," anatero. "Ndimafuna pazioneka posangalatsa. Kwathu ku Kawale chimanga timalima kuseri kwa nyumba, timathirira ndi madzi a pampopi."

"Nanga dzina munaikiramo chiyani?"

"Timati munthu akamva dzina lake amamva kuti mundawo ndi wakedi."

"Amamvadi choncho, mwana wanga. Vuto lake n'lomwelo."

Anapempha kuti akaonane ndi a Zakeyu, ndiye ndinamukweza pa njinga yamoto mpaka ku Nsaru. Tinawapeza pa nazale ya esiteti akuthirira mbande za fodya ndi keni, ataonda m'masiku ochepa omwewo. Ndinati, "A Zakeyu, ndabwera kudzapepesa. Ndinaseka nawo, ndipo mawu otchula dzina lanu aja anali anga." Sanasiye kuthirira. Anati, "Palibe kanthu, alangizi. Ine sukulu sindinapite, zinthu zimenezi n'za ophunzira."

Mayamiko ananjuta m'mbali mwa bedi la mbande. "Bambo, n'chifukwa chiyani simunkathira feteleza uja?"

"Pouma paja? Mayi, feteleza ndi wodula. Ndimati mwina mitambo ibwera. Katatu konse ndinadikira, osabwera."

"Nanga bwanji simunanene?"

Apa anaika keni pansi n'kumuyang'ana ngati wafunsa za ana. "Mkamwini anganene kuti makina a boma akulakwa, apongozi ali pomwepo?"

Mtsikanayo anakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka, akufunsa n'kumalemba. Anamuonetsa mmene dothi lachinyontho limagwiranirana ukalifinya, ndi mmene louma limayoyokera. Atawafunsa ngati m'gemumo munali chimene chinawasangalatsa anati, "Poyamba paja pankakoma, kulima osatuluka thukuta, n'kumaona chimanga chikukula ukuyang'ana. Ndinkachita kulota. Koma chinthu choti chikakugwetsa sichikuuza chifukwa, n'kukubweza kokagalauza, chimenecho n'chankhanza ngati kapitawo wa pa esiteti." Mayamiko analonjeza kuti akonza m'masabata atatu, ndipo anapempha kuti iwo adzakhale oyesera pamaso pa kalabu. Anakana. Anati, "Ndikabwera kudzasekedwa kachinayi, ndiye kuti mwandipha." Ine ndi kukamwa kwangaku ndinati, "Mukadzasekedwa, ine ndidzasiya ntchito tsiku lomwelo, pamaso pa anthu onse." A Zakeyu anatola keni n'kupitiriza kuthirira.

Masabata amenewo anatalika. Kumadzulo kunayamba kuchita mitambo, ndipo ndinkadziwa kuti mvula ikangogwa munda wa kudambo upita kwa alamu, nkhani n'kuthera pomwepo. Esinati anawachonderera mayi ake kuti adikire, iwo osalonjeza kanthu. Kalata yondisamutsira ku Nambuma inafika m'masiku omwewo, yonena kuti ndinyamuke ikatha Khirisimasi. Kumeneko ndinakapeza nyumba yopanda chitseko chakumbuyo ndi msewu woti mvula ikagwa njinga umachita kuisenza, koma anthu ake anali abwino ndipo chaka chinatha. A Msosa sitinalankhulanenso bwino mpaka ndinapuma. Zimene ndinalonjeza a Zakeyu za kusiya ntchito, mayi anu akuzimva lero pamodzi ndi inu.

Kabudula, Novembala

Mayamiko anabwera atachedwa ndi masiku anayi, maso ali ofiira ndi kutopa. Gemuyo inali itasintha. Kumwamba tsopano kunkasintha, tsiku lina dzuwa, tsiku lina mitambo. Ukakhudza dothi, kadzanja kankalifinya kuti uone ngati lili ndi chinyontho. Kamzere kofiira kanachotsedwa. Ukalakwa inkakuuza chimene walakwa n'kukubwezera pa gawo lomwelo, ndipo dzina inkalitchula pokhapokha wapambana. Ndinatuma uthenga ku Nsaru kudzera mwa woyendetsa kabaza wina, koma yankho silinabwere.

Lachiwiri lotsatira pansi pa mango panadzaza kuposa tsiku lililonse pa ntchito yanga, chifukwa nkhani inali itamveka midzi yonse. A Nankhoma anakhala kumbuyo ndi amayi anzawo, Esinati pambali pawo. A Zakeyu kunalibe. Ndinaimirira n'kunena momveka kuti gemu yoyamba ija inali yolakwa, inenso ndinalakwa, ndipo munthu amene tinkamuseka ndi yekhayo amene ankachita zoona. Anthu anamvetsera mwaulemu monga amachitira mlangizi akamalankhula, kutanthauza kuti palibe amene anakhulupirira. Ndinalitalikitsa dala phunziro, maso ali kumsewu, malaya atanyowa kumsana.

Mlamu wamkulu wa a Zakeyu anatopa nane. Anati, "Alangizi, tabweretsani kuno, ifetu tinadutsa kalekale." Anatsegula gawo lachitatu, thumba litangotulukira anadina mwamsanga monga kale, dzuwa lili phwee. Chimanga chinapsa m'mphepete mwa masamba, ndipo mawu a mzimayi anati, "Dothi linali louma, feteleza watentha mbewu. Yesaninso." Anthu anaseka chikhakhali, koma ndinaona chinthu china. Popeza dzina silinatchulidwe, mwini wake anaseka nawo, n'kunena kuti, "Iyayi, dikirani, ndayiona pomwe yandipezerera." Anakana kupereka tabuletiyo kwa wina mpaka anzake anachita kumulanda.

Phokoso lili mkati, ndinawaona a Zakeyu ataima kuseri kwa tchalitchi, chipewa chili m'manja. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anthu atawaona phokoso linatha, ndipo a Nankhoma anatembenuka n'kupereka msana monga mwa mwambo. Mayamiko anatenga tabuleti n'kukawapatsa atanjuta. Anakhala pa benchi, kuigwira ndi manja awiri, n'kuyamba kuyang'ana. M'gemumo munali dzuwa. Sanakhudze. Tsiku limodzi la m'gemumo linadutsa, dzuwa linalowa n'kutulukanso, iwo ali duu. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Ayambanso zija." Ndinamuyang'ana Mayamiko n'kuona kuti naye akuluma chala, ndipo ndinayamba kuganiza za mmene ndikafotokozere kunyumba kuti ntchito ndasiya.

Tsiku lachitatu kumwamba kunada, ndipo m'kasipika ka tabuletiyo munamveka mvula ikugwa. Gulu lonse linafuula kuti thirani. A Zakeyu sanathirebe. Anadikira mvulayo kuti ikate, kenako ananyambita chala, kukhudza dothi, kadzanja kaja n'kulifinya, dothi n'kugwirana. Apo m'pamene anadina thumba. Chimanga chinabiriwira, chinakwera, chinabereka ziwiriziwiri, kanyimbo kanalira, ndipo mawu anamveka mpaka kumbuyo, dzinalo lili m'mawu anga: "Munda wa a Zakeyu wabereka."

Amayi ena anayamba nthungululu, koma anasiyira panjira poona kuti a Nankhoma sanatembenuke. Tonse tinadikira. Iwo anakonza chitenje chawo pang'onopang'ono, kenako analankhula mokweza ndithu, akuyang'ana kutchire.

"Esinati, kawauze bambo a Tadala kuti kudambo kuja udzu wakula. Kodi akufuna akalime ndani?"

Esinati anaimirira, kuyenda mapazi asanu okha, kugwada pafupi ndi mwamuna wake n'kubwereza mawu omwewo, ngakhale aliyense anali atawamva kale. A Zakeyu anatsika pa benchi, kunjuta atapereka mbali, n'kuomba m'manja katatu.

"Kawauze amayi kuti ndamva. Khasu ndinalisiya kuseri kwa nkhokwe, sindinapite nalo."

Ine ndinakhala pansi pa muzu wa mango, pafumbi pomwepo, mtima wanga n'kukhala m'malo koyamba pa mwezi wathunthu. Mayamiko anabwera kudzandifunsa ngati ndadwala. Ndinamuuza kuti ayi, andisiye kaye ndipume.